Filimu ya The African Queen ndi Anthu Amene Anakoka Ngalawa

Munthu amene anakhalako ku Mpulungu, m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika, sangaiwale tsiku lofika sitima ya Liemba. Kwa zaka zambiri sitimayo inali kucokera ku Kigoma, niima pa midzi ya m'gombe, kufikira itakoceza pa dooko la Zambia ndi kutula anthu, matumba a kapenta ndi akatundu a mitundumitundu. Ambiri mwa okwera sanali kudziwa kuti sitima yokalambayi inakhalapo ya nkhondo kale, ndi kuti inagonapo pansi pa madzi. Sanali kudziwanso kuti nkhondo ya pa nyanja imeneyo inabala buku, ndipo bukulo linabala filimu yomveka pa dziko lonse, dzina lace The African Queen.

Sitimayo inapangidwa ku Papenburg m'dziko la Germany m'caka ca 1913, ndipo dzina lace loyamba linali Graf von Götzen. Amisiri anaiphwasula, nalonga zitsulo zace m'mabokosi, nazitumiza ku Dar es Salaam. Kucokera kumeneko zinayenda pa njanji kufika ku Kigoma, kumene anazilumikizanso, nailowetsa m'madzi m'caka ca 1915. Nthawi imeneyo nkhondo yaikulu yoyamba, imene makolo anaicha nkhondo ya Ciwaya, inali itabuka kale, ndipo Ajeremani ndiwo anali kulamulira nyanjayo.

Pofuna kuwalanda, Angerezi anacita cinthu cimene ambiri anaciyesa misala. Anatenga timaboti tiwiri ta injini, Mimi ndi Toutou, natikweza m'sitima ya pamadzi kucokera ku England kunka ku Cape Town. Kucoka uko tinayenda pa njanji, kupyola Bulawayo, Livingstone ndi Broken Hill, umene lero ndi mzinda wa Kabwe, kufikira pa Fungurume m'dziko la Congo pamene njanji inathera. Mtsogoleri wa ulendowo, Geoffrey Spicer-Simson, anali nawo mathirakitala awiri oyendera nthunzi ndi ng'ombe zokoka, koma nchito yowawa inagwera anthu a m'midzi. Amuna mazanamazana analambula mseu, namanga milatho, nakoka zingwe pa mapiri a Mitumba, ndipo akazi anasenza madzi mtunda wautali kudzathira m'mathirakitalawo. Timabotito titafika ku nyanja, tinagwira sitima ya Kingani pa 26 Disembala 1915, ndipo pa 9 Febuluwale 1916 sitima ya Hedwig von Wissmann inamizidwa. M'mwezi wa Julayi caka comweco Ajeremani, pothawa ku Kigoma, anamiza okha Graf von Götzen. Angerezi anaivuula m'caka ca 1924, ndipo m'caka ca 1927 inayambanso kuyenda ndi dzina latsopano la Liemba.

Mlembi wa ku England, C. S. Forester, anatulutsa buku lace la The African Queen m'caka ca 1935. Iye sanalembe mbiri monga inacitikira. Anangotengako sitima ya adani yolamulira nyanja ya pakati pa Afrika, ndipo moyang'anana nayo anaikapo anthu awiri osayenera nkhondo konse, ali m'kangalawa kotha nchito. Makampani awiri a ku Hollywood, Columbia ndi Warner Brothers, anagulapo ufulu wa bukulo, koma sanajambule kanthu. Potsiriza linagwa m'manja mwa Sam Spiegel, munthu wocenjera pa kusonkhanitsa ndalama zimene iye mwini analibe, ndi John Huston, katswiri wotsogolera kajambulidwe ka mafilimu. Abale awiri a ku London, John ndi James Woolf, anathandiza ndi ndalama. Huston analemba mau a sewerolo pamodzi ndi James Agee, koma Agee anadwala mtima asanatsirize, ndipo Peter Viertel ndiye anapita ku Afrika kukathandiza kulitsiriza.

Nkhani yace ndi iyi. M'caka ca 1914, pa mudzi wina wa m'dziko la German East Africa, pali mmishoni Samuel Sayer ndi mlongo wace Rose, mbeta ya zaka zapakati, woopa Mulungu ndi wosaseka msanga. Makalata ndi katundu amawabweretsera Charlie Allnut, munthu wa ndevu zosameta ndi wokonda mowa, amene amayendetsa kangalawa ka nthunzi ka African Queen. Nkhondo itayamba, asilikari a Ajeremani atentha mudziwo, nacotsa anthu onse, ndipo Samuel adwala ndi cisoni namwalira. Charlie atenga Rose m'ngalawa, cifuniro cace ndico kubisala pa kacisumbu kufikira nkhondo itatha. Koma Rose aona kuti m'ngalawamo muli wonga wophwanyira miyala ku mgodi ndi mitsuko iwiri yacitsulo, nanena kuti apange mabomba, atsike mtsinje kufika ku nyanja, akamize sitima ya Ajeremani yochedwa Louisa.

Charlie abvomera ndi pakamwa pokha, poyesa kuti mkaziyo adzacita mantha pa mathithi oyamba. Koma Rose akondwera nawo mathithiwo. Tsiku lina Charlie aledzera namnyoza. M'mawa mwace adzuka napeza Rose alikukhuthulira mabotolo onse a mowa mumtsinje. Apyola pansi pa linga la adani zipolopolo zirikuwagwera. Citsulo copalasa madzi cithyoka, ndipo acisula okha pa moto wa makala m'mbali mwa mtsinje. Pang'onopang'ono aleka kuchulana maina aulemu, nayamba kuitanana Charlie ndi Rosie. Pafupi ndi nyanja mtsinje utayika m'mabango, ndipo Charlie atsikira m'matope kukoka ngalawa ndi cingwe, misundu irikumyamwa mwazi. Atalephera agona pansi kudikira imfa, osadziwa kuti nyanja iri pafupi pomwepo. Usiku mvula igwa, madzi akwera, nawatulutsa. Namondwe amiza ngalawa yao asanafike pa Louisa, ndipo Ajeremani awagwira nawaweruza kuti apacikidwe. Charlie apempha mkulu wa sitima kuti ayambe wawakwatitsa. Ukwati utangotha, Louisa igunda African Queen imene inali kuyandama cafufumimba pamodzi ndi mabomba ace, niphulika, ndipo awiriwo apulumuka posambira.

Masiku amenewo mafilimu ambiri onena za Afrika anali kujambulidwa m'nyumba zazikuru za ku California, pakati pa mitengo yobzyala m'miphika. Huston anakana njira imeneyo. Anafuna mtsinje weniweni ndi dzuwa lenileni, ndiponso anafuna zithunzi za mitundu, zimene zinafunika kamera ya Technicolor, cinthu cacikuru ndi colemera kwambiri. Wogwira kamerayo anali Jack Cardiff wa ku England. Wosewera ngati Charlie anali Humphrey Bogart, wa zaka 51, ndipo wosewera ngati Rose anali Katharine Hepburn, wa zaka 44. M'buku Charlie ndi mmphawi wa ku London, koma popeza Bogart sanathe kulankhula Cingerezi ca anthu otero, anamsandutsa munthu wa ku Canada. Ngalawa anaipeza ku Uganda. Inapangidwa ku England m'caka ca 1912, dzina lace linali Livingstone, ndipo inali kunyamula anthu ndi katundu pa nyanja ya Albert ndi pa mtsinje wa Nile.

Anayamba kujambula m'mwezi wa Meyi 1951 m'dziko la Belgian Congo. Kucokera ku Stanleyville, umene lero ndi Kisangani, anayenda pa njanji kufika ku Ponthierville, napitirira ku Biondo pa mtsinje wa Ruiki, wa madzi akuda bii cifukwa ca masamba obvunda. Kumeneko anthu a m'dzikomo anawamangira msasa wa nsungwi ndi masamba a kanjedza. Popeza kamera ndi nyali sizikanakwana m'kangalawa, amisiri anamanga cifaniziro ca mbali zace pa matabwa oyandama, ndipo tsiku ndi tsiku mndandanda wa mabwato unali kukokedwa pa mtsinje, wina wonyamula injini ya magetsi, wina zobvala ndi kalirole wamkuru wa Hepburn. Pokhota mtsinje, zingwe zinali kukodwa m'nthambi. Usiku wina linthumbwi linalowa mumsasa, anthu nathawa m'nyumba zao. Usiku winanso ngalawa yeniyeniyo inadzaza madzi nimira pamene anaimangirira, ndipo amuna ambiri a m'midzi anaivuula ndi zingwe ndi mphamvu ya manja ao.

Atacoka ku Congo anapita ku Uganda, ku Butiaba ndi kufupi ndi mathithi a Murchison. Kumeneko matenda anawagwira koopsa cifukwa ca madzi akumwa oipa. Hepburn, amene sanali kumwa mowa ndipo anali kudzudzula anzace pa kuledzera, anamwa madzi ambiri, nadwala kamwazi naonda. Pojambula malo amene aliza limba m'chalichi, anamuikira ndowa pafupi, posaonekera m'cithunzi, kuti azisanziramo. Bogart ndi Huston, amene anakonda wisiki kuposa madzi, sanadwale. Mkazi wa Bogart, Lauren Bacall, analibe gawo m'sewerolo, koma anaphika nasamalira odwala. Poopa likodzo ndi ng'ona, sanalole osewera kulowa mumtsinje; malo onse amene aoneka ali m'madzi anajambulidwa m'thanki lalikuru ku Isleworth pafupi ndi London, ndipo misundu ya pathupi pa Bogart inali ya mphira. Robert Morley, wosewera ngati mmishoni, sanapondeko konse ku Afrika.

Huston mwini anali munthu wobvuta. Mtima wace unali pa kupha njobvu, kotero kuti nthawi zina anali kusiya anthu alikudikira iye ali ku uzimba. Viertel analemba za khalidwe limeneli m'buku la White Hunter, Black Heart m'caka ca 1953, ndipo Clint Eastwood analisandutsa filimu m'caka ca 1990. Komabe Huston anali ndi diso. Masiku oyamba anaona kuti Hepburn alikusewera ndi nkhope yokwinya, ndipo filimu irikulemera. Anamuuza kuti akumbukire Eleanor Roosevelt, mkazi wa pulezidenti wa Amereka, ndi kumwetulira kwace pocezera asilikari obvulala m'zipatala. Kuyambira pamenepo Rose anasanduka mkazi wolimba mtima amene aphimba mantha ace ndi ulemu, ndipo nkhani imene inalembedwa ngati ya nkhondo inayamba kuseketsa. Hepburn anasimba zonsezi m'buku lace la m'caka ca 1987, nanena kuti langizo limenelo linaposa onse amene analandirapo pa nchito yace.

Filimuyo inaonetsedwa koyamba ku Los Angeles m'mwezi wa Disembala 1951, ndipo anthu anathamangira kukaiona. M'caka ca 1952 Bogart analandira mphotho ya Oscar ya wosewera wamwamuna wopambana, napitirira Marlon Brando amene ambiri anayesa kuti ndiye adzailandira. Imeneyo ndiyo Oscar yokha imene analandira m'moyo wace wonse, pakuti anamwalira m'caka ca 1957. Hepburn, Huston ndi Agee anachulidwanso pa mpikisanowo koma sanapate. M'caka ca 1994 nyumba ya mabuku ya boma la Amereka, Library of Congress, inaika filimuyi m'gulu la zoyenera kusungidwa kosatha, ndipo m'caka ca 1998 bungwe la American Film Institute linaiika pa nambala 17 mwa mafilimu 100 opambana a dzikolo.

Mapazi ace aoneka m'malo ambiri. Pamodzi ndi King Solomon's Mines ya m'caka ca 1950, inalimbitsa mtima makampani kuti azituluka m'nyumba zao ndi kukajambula ku maiko enieni, ndipo Mogambo inatsatira m'caka ca 1953. Pamene Walt Disney anatsegula malo ace osangalalirako ku California m'caka ca 1955, timaboti ta ulendo wa Jungle Cruise tinapangidwa motsanzira African Queen, ndipo ulendowo unabalanso filimu yaceyace m'caka ca 2021. M'caka ca 1975 Hepburn anaseweranso ngati mkazi wopembedza woyenda pa mtsinje ndi mwamuna wa mowa, John Wayne, m'filimu ya Rooster Cogburn. Kufikira lero olemba mafilimu abwerezabwereza maziko omwewo: mwamuna ndi mkazi osiyana makhalidwe, okakamizidwa kuyenda ulendo umodzi woopsa.

Cimene casunga filimuyi zaka zonsezi si mabomba kapena ng'ona ai, pakuti mafilimu a masiku ano aonetsa zoopsa zoposa pamenepo. Casunga filimuyi ndico kuona anthu awiri acikulire, aliyense ndi cilema cace, alikuphunzira kugwira nchito imodzi. Rose ali ndi cifuniro koma sadziwa injini. Charlie adziwa injini koma alibe cifuniro. Mmodzi agwira ciwongolero, wina asonkha moto, ndipo ngalawa singayende mmodzi akaleka. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Cikondi cao sicibadwa ndi mau okoma, koma ndi kuona mnzace alikubwereranso m'matope ngakhale aopa misundu. Munthu aliyense amene analimapo munda ndi mnzace m'caka ca cilala angathe kumva nkhani yotere popanda womasulira.

Koma pali cinthu cina cimene woonera wa ku Afrika sangalephere kuciona. Filimuyo yanyamula dzina la Afrika, koma eni dziko alibemo mau. Aoneka paciyambi alikuyimba nyimbo ya m'chalichi mosokoneza, kuti oonera aseke, ndipo pambuyo pace alimbirana ndudu imene Charlie wataya pansi. Mudzi ukapsya, kamera itsata cisoni ca mmishoni. Kumene anthuwo anatengedwa, ndi ngati anabwerako, palibe afunsa. Pambuyo pace Mwafrika aonekanso ngati msilikari woombera mfuti pa linga, kapena wanchito wa m'sitima ya Ajeremani. Mtsinje wonse uli ngati dziko lopanda anthu, la mvuu ndi mbalame zokha.

Cikhalireco mbiri yeniyeni inali yosiyana. Nkhondo ya Ciwaya inayenda pa mitu ya amtengatenga zikwizikwi ocokera ku Northern Rhodesia, ku Nyasaland ndi ku maiko oyandikana, amene anasenza ufa ndi zipolopolo m'njira zopanda magaleta, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Nkhondoyo inathera pa nthaka ya Zambia: kazembe wa Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, anamva za mtendere ali pa mtsinje wa Chambeshi, natula zida ku Abercorn, umene lero ndi Mbala, pa 25 Novembala 1918. Mimi ndi Toutou anafika ku nyanja cifukwa ca manja a anthu akuda. Ngakhale African Queen ya m'filimu inavuulidwa mumtsinje wa Ruiki ndi manja omwewo. M'cithunzi aoneka Mzungu mmodzi alikukoka ngalawa yekha. Kunja kwa cithunzi anaikoka ndi anthu ambiri amene maina ao sanalembedwe pa ciyambi ca filimu.

Kunena izi sikucepsa luso la Huston, Cardiff, Bogart ndi Hepburn. Iwo anasimba nkhani ya anthu amene anawadziwa, naisimba bwino. Kungosonyeza kuti kamera iona cokhaco cimene mwini wace wailoza, ndi kuti mtundu wa anthu umene ulibe wogwira kamera udzaoneka m'nkhani za eni ace ngati mitengo ya m'mbali mwa njira. Ousmane Sembène wa ku Senegal anazindikira ici, ndipo m'caka ca 1963 anajambula Borom Sarret, nkhani ya tsiku limodzi la munthu woyendetsa ngolo ku Dakar. Papita nthawi kuti Cinyanja cimveke m'nyumba za mafilimu za maiko akutali, koma cinamveka. Rungano Nyoni, wobadwira ku Lusaka, anajambula I Am Not a Witch ku Zambia, naitulutsa m'caka ca 2017, nalandira mphotho ya BAFTA caka cotsatira, ndipo m'caka ca 2019 kunatuluka The Boy Who Harnessed the Wind, yojambulidwa ku Malawi, m'mene osewera alankhula Cicewa.

Mnyamata kapena mtsikana amene watsiriza sukulu, akapeza mwai woona The African Queen, acita bwino kuiona ndi mtima wonse, kuseka pamene pali poseketsa ndi kuphunzira m'mene amisiri aja anamangira nkhani yaikuru ndi anthu awiri ndi ngalawa imodzi. Akatha, ayenera kupita kwa agogo ace kukafunsa za makolo amene anatengedwa umtengatenga, ndi kulemba zimene amva zisanatayike, pakuti okumbukira nkhani zimenezo alikucepa caka ndi caka.

Ngalawa ya African Queen inakafika ku Key Largo m'dziko la Amereka, kumene inalembedwa m'kaundula wa zinthu za mbiri m'caka ca 1992, ndipo m'caka ca 2012 anaikonzanso kuti izinyamula alendo. Liemba inatsala pa nyanja yace, nitumikira asodzi ndi amalonda a Kigoma ndi Mpulungu zaka makumi ambiri. Amuna amene anakoka zingwe pa mapiri a Mitumba ndi pa mtsinje wa Ruiki, ndi akazi amene anasenza madzi, akali kudikira wowasimbira nkhani yao.